Funsani Odziwa: Mphindi yoyamba ya podikasiti yanthabwala

Mwezi uno talandira makalata ambiri ochokera kwa achinyamata amene ayamba, kapena akufuna kuyamba, podikasiti yoseketsa (pulogalamu yojambulidwa yomwe anthu amamvera pa intaneti). Pafupifupi onse akudandaula za malo amodzi, poyambira. Mafunsowa tinawapereka kwa anzathu ojambula mawu komanso olemba masewero a pawailesi, ndipo ayankha motere.

Ine ndi mnzanga tajambula zigawo zinayi. Omwe amamvera mpaka pakati amati timaseketsa, koma ambiri safikako. Timayamba ndi nyimbo, kenako moni, mayina athu, kuthokoza omvera, n'kufotokoza zomwe tikambirane. Talakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre

Zonse mwatchulazo n'zofunika, achimwene, koma mwaziika patsogolo pa chimene munthu watsegulira pulogalamu yanu, chomwe ndi kuseka. Womvera watsopano sakudziwani. Mayina anu sakumuuza kanthu, ndipo mukamathokoza "omvera athu okondedwa" iye akudziwa kuti simukunena iye. Mumtima mwake muli funso limodzi: kodi anthu awa andiseketsa? Bandulo ndi yake, ndipo mukachedwa kumuyankha apita kwina. Wapachiwaya wodziwa malonda amayamba wakulawitsa kanyama, za mtengo zimabwera pambuyo.

Ndiye tembenuzani dongosolo. Sekondi yoyamba imveke mawu a munthu ali kale m'kati mwa nkhani yoseketsa, popanda moni, popanda nyimbo. Ogwira ntchitoyi amati cold open. Itenge masekondi 15 mpaka 30, ndipo ithere pa chiseko. Chisekocho chisanazilale, kanyimbo kanu kalowe mwamphamvu, masekondi 5 mpaka 8 basi. Kenako katsike, mmodzi wa inu atchule dzina la pulogalamu, mayina anu awiri, ndi chiganizo chimodzi chonena zomwe mumachita pa pulogalamuyi. Zimenezi zisadutse masekondi 15. Mukatero nenani mutu wa lero, nacho chiganizo chimodzi, n'kulowa m'nkhani. Mphindi imodzi isanakwane muli kale pa nkhani yeniyeni, ndipo womvera waseka kamodzi, mwinanso kawiri.

Tikudziwa kuti kwathu kuno kuyamba kulankhula usanapereke moni kumaoneka ngati mwano. Moniwo sitikuuchotsa ayi, tangousuntha ndi theka la mphindi. Zothokoza, zopempha anthu kuti akutsatireni pa Facebook, ndi malonje onse, zipite kumapeto. Amene wafika kumapeto ndi amene angamvere pempho lanu.

Kachidutswa kotsegulirako mungakapeze m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kukadula m'chigawo chomwe mwajambula kale. Mverani chonse muli ndi cholembera, muzilemba nthawi iliyonse pamene panagwa chiseko. Musatenge chiseko chachikulu kuposa zonse, chifukwa womvera akadzachipezanso pakati adzakhala atachidziwa kale. Tengani chachiwiri kapena chachitatu. Chachikulu n'choti kachidutswako kazimveka pakokha. Ngati muli mawu onga "monga tinanenera paja" kapena "mkulu uja", kasiyeni, mlendo sangakamvetse. Njira yachiwiri ndi kuyatsa chojambulira mphindi zisanu musanayambe pulogalamu. Macheza a nthawi imeneyo, anthu asanakonze mawu awo kuti amveke ngati a pawailesi, nthawi zambiri ndi amene amakoma. Ngati muli ndi mlendo, muuzeni kuti chojambulira chayaka, ndipo mumupemphe musanagwiritse ntchito zomwe ananena pamenepo.

Pomaliza, musamangoganizira. YouTube Studio imaonetsa kuchuluka kwa anthu amene anali akadali nanu pa sekondi ya 30, ndipo Spotify for Creators ndi Apple Podcasts Connect zili ndi mzere woonetsa pomwe omvera amasiyira kumvera. Onani mzerewo pa zigawo zanu zinayi zakale, kenako muufananize ndi zinayi zotsatira. Pomwe mzere wagwa mwadzidzidzi, pitani pa sekondi imeneyo mukamve chomwe munkanena.

Ndimalemba ndekha nthabwala zotsegulira. Papepala zimandiseketsa, koma ndikazinena anthu amangomwetulira. — Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu

Achemwali, nthawi zambiri nthabwalayo imakhala yabwino, vuto ndi malo omwe mwaika mawu odabwitsa. Taonani nkhani iyi itanenedwa monga timafotokozera nkhani masiku onse: "Khoma la nyumba yathu litagwa, alandilodi anabwera n'kunena kuti nyumba yakula, ndiye akweza lendi." Munthu amwetulira, koma sangaseke, chifukwa chodabwitsacho mwachiulula m'mawu oyambirira ndipo zotsalazo akungozidikira kuti zithe. Tsopano nkhani yomweyo pakati pa anthu awiri:

Woyamba: Alandilodi abwera m'mawa uno. Akuti lendi ikwera.
Wachiwiri: Chifukwa?
Woyamba: Akuti nyumba yakula.
Wachiwiri: Amangira chipinda china?
Woyamba: Ayi. Khoma lagwa.

Chomwe chachitika apa n'chakuti mizere inayi yoyamba yatsogolera maganizo a womvera mbali imodzi, ya kumanga, ndipo mawu awiri omaliza awatembenuza. Pambuyo pa mawu awiriwo palibenso china. Mukawonjezera "ndi mvula ya dzulo ija", mwalankhula pamwamba pa chiseko, ndipo anthu amasiya kuseka kuti amve zomwe mukunena. Lamulo lake ndi limeneli: liwu lomwe lanyamula chodabwitsa likhale lomaliza, kenako khalani chete.

Chiseko chikayamba kutsika mutha kuponyapo kena kakafupi kochokera pa nkhani yomweyo, kopanda kufotokozanso. Wachiwiri afunse, "Ndiye pano mukugona pati?" Woyamba ayankhe, "Theka kwathu, theka kwa aneba." Apa ndi pamene kanyimbo kalowe.

Onaninso ntchito ya munthu wachiwiriyo. Iye sakunena choseketsa chilichonse, akungofunsa zomwe womvera angafunse, ndipo akufunsa moona mtima. Popanda iye nthabwala ilibe poponda. Amene anaonerapo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, akukumbukira kuti chiseko chinkachokera pa kupatsirana kwawo, wina kuponya wina kuwakha, osati pa munthu mmodzi kuyankhula yekha. Vuto la mapodikasiti ambiri a anthu awiri kapena atatu n'loti aliyense akufuna kukhala woseketsa pa chiganizo chilichonse, ndiye amadulana mawu. Pa kachidutswa kotsegulira gwirizanani musanayambe kuti lero wofunsa ndi ndani, woponya ndi ndani. Sabata yamawa mutha kusinthana.

Chiganizo chofotokoza pulogalamu nacho chisapite chabe. Njira yosavuta ndi kutchula zinthu zitatu, ziwiri zoyamba zofanana, chachitatu chopatuka: "Pano timakamba za ndalama zomwe tilibe, galimoto yomwe tilibe, ndi chimodzi chokha chomwe tili nacho: ngongole." Zinthu ziwiri n'zokwanira kuti khutu lizolowere njira, zikakhala zinayi khutu latopa.

Popeza womvera sakuonani nkhope, mivekero ikuthandizeni. "Anangoti zii", "khoma lija gumu", "maso tong'o": mawu otere amajambula chithunzi m'mutu mwachangu kuposa chiganizo chathunthu. Ndipo musaweruze nthabwala ili papepala. Inenereni mokweza katatu mutayatsa wotchi ya pafoni, ndipo ulendo uliwonse muchotse liwu limodzi lomwe likachoka nkhani ikumvekabe. Pojambula musawerenge, lowezani mizere iwiri yokha, woyamba ndi womaliza, yapakatiyo ibwere mwachibadwa.

Ndikufuna kutsegulira ndi nyimbo ya woimba wina wotchuka. Anzanga akuti ngati sipitirira masekondi 30 palibe mlandu. N'zoona? — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Si zoona. Palibe lamulo lopereka masekondi 30, kapena 10, aulere. Nyimbo iliyonse ili ndi eni ake mbali ziwiri: amene anaipeka, ndi mwini wa chojambulidwacho, yemwe nthawi zina ndi woimba, nthawi zina ndi situdiyo kapena kampani. Kuti muiike pa podikasiti mufunika chilolezo cha mbali zonse ziwiri. Kuno ku Malawi nkhanizi zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe lingakuunikireni. Ku Zambia kuli ZAMCOPS, ku South Africa kuli SAMRO. Kutchula dzina la woimba kapena kulemba kuti "nyimboyi si yanga" sikusintha kanthu.

Choopsa chenicheni n'choti nyimbo yotsegulira imakhala m'chigawo chilichonse. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID omwe amazindikira nyimbo okha. Akaipeza, ndalama za kanemayo zimatha kupita kwa mwini nyimbo kapena kanemayo amatsekedwa. Facebook imatha kuzimitsa mawu pamalo pomwe pali nyimbo. Mukadzafika zigawo 40, dandaulo limodzi likhudza zonse 40, ndipo mudzayenera kuzikonzanso chimodzichimodzi.

Nyimbo zololedwa zilipo. YouTube Audio Library ndi yaulere, kungoti nyimbo zina mmenemo zimafuna kuti mutchule wopeka. Werengani chilolezo cha nyimbo iliyonse payokha, ndipo samalani ndi zolembedwa NC, chifukwa zimenezo n'zoletsedwa pa pulogalamu yopanga ndalama. Koma malangizo athu ndi akuti mukhale ndi kanyimbo kanukanu. Nyimbo zaulere zimamveka m'mapulogalamu ambirimbiri, pamene kanu kokha kakamveka munthu adziwa kuti ndinu. Pitani kwa wopanga nyimbo wa m'dera lanu, ndipo mulemberane pangano, ngakhale la tsamba limodzi: kuti kanyimboko mukagwiritsa ntchito pa malo onse a pa intaneti, mpaka kalekale, ngakhale pulogalamu itayamba kupanga ndalama, kuti sadzakagulitsa kwa wina, ndiponso kuti sadzakalembetsa ku Content ID, chifukwa akatero makina aja adzakugwirani ndi kanyimbo kanu komwe. Akupatseni mafayilo atatu a mawu osapanikizidwa, a mtundu wa WAV: ka masekondi 30, ka masekondi 8, ndi kachidutswa ka masekondi 2 kapena 3 kodulira nkhani pakati pa pulogalamu. Onse akhalenso ndi mtundu wopanda mawu oimba.

Ngati ndalama palibe, pulogalamu yoseketsa ili ndi mwayi womwe ya nkhani ilibe: kanyimbo kopanga nokha kamaikomera. Likhweru, kuwomba m'manja, botolo, chigubu, chisekese kapena kalimba, mutazijambula chimodzichimodzi pa BandLab, yomwe ndi yaulere pafoni, zikwanira.

Tikamalankhula mawu amamveka bwino, koma tikangoseka amasweka, amakhala ngati wailesi yakutha. Palinso kaphokoso kong'ung'uza pansi. — Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba

Mavuto ndi awiri osiyana. Loyamba likuchokera pa mmene mwatcherera mphamvu ya maikolofoni. Chiseko chimakwera kwambiri kuposa kulankhula, ndipo inu mwatchera poyesa ndi mawu olankhula. Chojambulira chili ndi denga, lomwe ndi 0 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu, ndipo manambala monga -6 ali pansi pa dengalo); mawu akaligunda nsonga zake zimadulidwa, ndipo zodulidwazo sizibwereranso ngakhale mutakonza bwanji pakompyuta. Choncho poyesa musamati "wani, thu". Uzani mnzanu aseke mokweza monga amasekera, muchepetse gain, yomwe ndi mphamvu ya maikolofoni ija, mpaka chisekocho chizifika pa -6 dB. Kulankhula wamba kudzakhala cha pa -18 mpaka -12 dB. Kudzaoneka kotsika, koma mawu otsika amakwezeka bwinobwino pambuyo pake. Dziphunzitseninso kubweza mutu pang'ono, kapena kuupotolera kumbali, chiseko chikamabwera.

Pakamwa pakhale masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa maikolofoni, ndipo maikolofoniyo ilozere pakona ya mlomo, osati pakati penipeni. Chichewa chili ndi mawu ambiri otulutsa mpweya wamphamvu, a ph, th, kh ndi tch, ndipo mpweyawo ukawomba maikolofoni mumamveka kugunda. Yesani ndi chiganizo choti "Phiri waphika phala". Chikagunda, sunthani maikolofoni kapena ikani chotchinga mpweya. Nsalu yopyapyala ya sitokini yokungidwa pa waya wa hang'ala imagwira ntchito yomweyo.

Kaphokoso kong'ung'uzako nthawi zambiri ndi ka magetsi. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo chaja ya laputopu kapena ya foni imalowetsa kulira kumeneko m'chojambulira. Zulani chaja, mujambule ndi batire. Mukatero ngakhale magetsi atathima pakati pa nthabwala simutaya kanthu. Mafoni onse m'chipindamo akhale pa flight mode, chifukwa foni ikamafunafuna netiweki imalowetsa kaphokoso kena kodukizadukiza. Furiji ndi fani zizimitsidwe.

Chipinda nacho n'chida. Makoma opanda kanthu, pansi pa simenti ndi denga lamalata lopanda siling'i zimabweza mawu, ndipo chiseko ndi chomwe chimabwerera kwambiri. Chipinda chogona, momwe muli matiresi, makatani ndi zovala zopachika, chimaposa pabalaza. Galimoto yoima pamthunzi, mawindo atatsekedwa, nayo ndi malo abwino ojambulira kachidutswa kakafupi. Mvula ikamagwa pamalata ingodikirani.

Pa zida, aliyense akhale ndi maikolofoni yake. Foni imodzi pakati pa tebulo imatola chipinda kuposa anthu. M'nyumba wamba maikolofoni za mtundu wa dynamic, monga Samson Q2U kapena Audio-Technica ATR2100x zomwe zimalowa pa USB, zimaposa za condenser chifukwa sizitola kwambiri galu ndi tambala wa kwa aneba. Ngati zimenezo zakwera mtengo, kamaikolofoni kopanira pamalaya monga Boya BY-M1, aliyense kake pafoni yake, n'poyambira pabwino.

Ndikaika nyimbo pansi pa mawu, ena amati sakumva zomwe ndikunena. Ndikaitsitsa imasowa. Ndimakonzera mawu pakompyuta ndi Audacity. — Wowerenga wa ku Chipata, Zambia

Yambani mwakonza mawu, nyimbo ibwere pambuyo. Pa mzere wa mawu ikani High-Pass Filter pa 80 Hz kuchotsa kugunda kwa pansi. Ngati pali kaphokoso kosalekeza, sankhani masekondi angapo pomwe palibe akulankhula (n'chifukwa chake ndi bwino kujambula masekondi 10 a chete poyamba), dinani Get Noise Profile mu Noise Reduction, kenako muchotse 6 mpaka 12 dB basi. Mukapyola pamenepo mawu amamveka ngati akuchokera m'madzi. Kenako Compressor, pa 3:1, kuti mawu otsika ndi chiseko ziyandikane.

Tsopano nyimbo. Ikani mzere wa nyimbo pamwamba, wa mawu pansi pake penipeni, sankhani wa nyimbo, mutsegule Auto Duck, yomwe imatsitsa nyimbo yokha munthu akamalankhula. Imayamba ili pa -12 dB, koma pa podikasiti kumeneko n'kochepa. Ikani -18, ndipo ngati nyimboyo ili ndi gitala kapena malipenga mufike -20, chifukwa zidazi zimalira pamalo omwe mawu a munthu amamvekera. Nyimbo yokhala ndi mawu oimba musaiike pansi pa munthu wolankhula. Khutu silingatsate anthu awiri nthawi imodzi.

Polowa, nyimbo isakwere pang'onopang'ono. Iyambe ndi kugunda kwake koyamba, pafupifupi theka la sekondi kapena sekondi imodzi kuchokera pa liwu lomaliza la nthabwala, chiseko chili pamwamba. Ikafulumira imameza liwu lofunikalo; ikachedwa pamakhala mpata wozizira. Podula, werengani kugunda. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imatenga masekondi 2 pa kugunda kunayi kulikonse, ndiye magulu anayi otere ndi masekondi 8. Dulani pothera gulu, osati pakati.

Chenjezo lalikulu: musagwiritse ntchito Truncate Silence pa pulogalamu yanthabwala. Chidachi chimachotsa mipata yonse mofanana, pamene kampata ka pakati pa "Ayi" ndi "Khoma lagwa" ndi mbali ya nthabwalayo. Mipata ichotseni ndi dzanja, mukumvera.

Pomaliza sakanizani zonse, muike Loudness Normalization pa -16 LUFS, womwe ndi mlingo wa kukwera kwa mawu womwe Apple Podcasts imalimbikitsa, ndi Limiter, yoletsa mawu kugunda denga, pa -1 dB. Muyeso weniweni si mahedifoni anu. Tumizani fayilo pafoni yotsika mtengo, muimvere pa sipika yake muli panja pomwe pali phokoso. Mawu onse akamveka pamenepo, zatheka. Potulutsa MP3, ganizirani bandulo ya omvera: pa 128 kbps chigawo cha mphindi 30 chimalemera pafupifupi 29 MB, pamene pa 64 kbps mono ndi pafupifupi 14 MB, ndipo pa pulogalamu yongolankhula kusiyana kwake n'kochepa.

Kodi ndiikemo chiseko chojambulidwa kale kuti anthu adziwe poseka? — Wowerenga wa ku Kasungu

Ayi. Womvera ali ndi mahedifoni amadziwa kuti m'chipindamo mulibe gulu la anthu, ndipo akazindikira kuti chiseko n'chabodza amayamba kukayikira ndi nthabwala zomwe. Chiseko chenicheni cha munthu mmodzi chimapatsirana kuposa cha khamu la m'kompyuta. Ngati mumajambula nokha, itanani mnzanu akhale patali pang'ono ndi maikolofoni, ndipo musamuuziretu nthabwalazo.

Mnzanga ali ku Johannesburg, ine ndili ku Mangochi. Timajambula pa WhatsApp, koma timangodulana mawu ndipo nthabwala zimafa. — Wowerenga wa ku Mangochi

Chikuziphazo ndi kuchedwa kwa netiweki. Mawu anu amafika kwa mnzanu mochedwa pang'ono, yankho lake limabweranso mochedwa, ndipo nthabwala imadalira nthawi yochepa ngati yomweyo. Komanso foni ya pa intaneti imapanikiza mawu, ndipo anthu awiri akaseka nthawi imodzi imatsitsa mmodzi.

Muziimbirana kuti muzimvana chabe, koma aliyense ajambule mawu ake payekha pa chida china, foni yachiwiri kapena laputopu, atavala mahedifoni kuti mawu a mnzake asalowe m'chojambulira chake. Poyamba werengani limodzi mpaka katatu n'kuwomba m'manja kamodzi. Mnzanu akakutumizirani fayilo yake, aitumize ngati document kapena pa Google Drive kuti isapanikizidwe. Mu Audacity ikani mafayilo awiriwo mizere iwiri, mulunzanitse nsonga za kuwomba m'manja kuja. Ubwino wake ndi woti pa kachidutswa kotsegulira mutha kukoka yankho lililonse kuti libwere pa nthawi yake, mpata wa netiweki n'kuchoka. Chitani zimenezi mosamala pa mphindi yoyamba ngakhale kwinako mulibe nthawi.

Popeza omvera anu ali m'maiko awiri, mphindi yoyambayo iwonetse chilankhulo chomwe pulogalamu yonse iyendere. Ngati mumasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, sakanizani kuyambira pachiyambi. Kutsegula ndi Chingerezi chokhachokha kenako n'kutembenukira ku Chichewa kumathamangitsa magulu onse awiri.

Kodi mawu otsegulira akhale omwewomwewo sabata iliyonse, kapena tizisintha? — Wowerenga wa ku Dedza

Zonse ziwiri. Kanyimbo, dzina la pulogalamu ndi kamangidwe ka chiganizo chodzidziwitsa zisasinthe, chifukwa anthu amakonda chomwe angathe kunena nanu limodzi. Makolo athu ankadziwa zimenezi: wanthano akati "Padangokhala" onse amayankha "Tili tonse", ndipo woponya chilape akati "Chilape" amamva "Nachize". Pulogalamu ya anthu awiri ingapange kuitana ndi kuyankha kwakekwake, ndipo tsiku lomwe omvera adzayamba kukulemberani yankholo mu ndemanga mudzadziwa kuti kwagwira.

Koma m'kati mwa chosasinthacho musiye kabowo kamodzi kosintha sabata iliyonse. Pa chitsanzo cha zinthu zitatu chija, ziwiri zoyamba zikhale zomwezo, chachitatu chikhale chatsopano. Kapena wina azimutchula mnzake ndi udindo watsopano ulendo uliwonse. Chifukwa chake n'choti mapulogalamu omvererapo ali ndi batani lodumphira masekondi 15 kapena 30, ndipo ena monga Pocket Casts amalola munthu kutchera kuti chiyambi cha pulogalamu yakutiyakuti chizidumphidwa chokha. Womvera akadziwa kuti muli kena katsopano sadumpha. Pa chifukwa chomwechi, mawu odzidziwitsa muziwanena pamoyo sabata iliyonse m'malo mobwereza ojambulidwa kale. Kanyimbo kokha ndiko kakhale kosungidwa. Sungani polojekiti ya Audacity yokhala ndi kanyimbo pamalo pake kuti muzingolowetsamo mawu atsopano.

Tapeza wabizinesi woti atithandize ndi ndalama, ndipo akufuna malonda ake akhale oyamba kumveka. Komanso nthabwala zathu zina n'zolaula pang'ono, zina zimatchula anthu. — Wowerenga wa ku Luchenza

Mufotokozereni wabizinesiyo kuti malo oyambirira ndi omwe anthu amadumpha kwambiri. Mupatseni chiganizo chimodzi pambuyo pa kanyimbo, chonena kuti chigawochi chabwera ndi thandizo lake, kenako malonda athunthu a masekondi 30 abwere pambuyo pa nkhani yoyamba, anthu atakhazikika. Nenani poyera kuti ndi malonda. Ngati mukufuna kuwanena moseketsa, muonetseni kaye zomwe mwalemba. Sekani za inu eni kapena za vuto lomwe katunduyo amathetsa, osati za katunduyo.

Za zolaula, kumbukirani mmene anthu amamverera kuno: pa sipika ya foni, pakhonde, mu minibasi, apongozi ndi ana ali pomwepo. Kachidutswa kotsegulira kamamveka munthu asanapeze mpata wotsitsa. Kameneko kakhale koti aliyense angamve, kenako podzidziwitsa muchenjeze m'chiganizo chimodzi kuti za lero n'za akuluakulu. Potumiza chigawo pa Spotify kapena Apple Podcasts chongani chizindikiro cha explicit, chosonyeza kuti muli zolaula.

Kutchula anthu ndiye kofunika kusamala kwambiri, makamaka poyambira, chifukwa kachidutswa kameneka ndi komwe kamadulidwa n'kumayenda pa WhatsApp popanda zonse zomwe zinanenedwa patsogolo ndi pambuyo pake. Nthabwala za pachisuweni zimakoma chifukwa onse awiri akudziwana ndipo winayo abwezera. Munthu amene mwamutchula pa podikasiti alibe pobwezera. Kuseka zomwe mtsogoleri ananena kapena kuchita pagulu ndi nkhani ina, koma kumunenera munthu kuti anaba kapena anachita chigololo popanda umboni n'kuipitsa mbiri, ndipo kunena kuti "timangocheza" sikungakutetezeni kukhoti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilinso ndi milandu yokhudza kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Anthu wamba musawatchule mayina, ndipo sinthani malo ndi ntchito yawo kuti asadziwike. Musanatulutse chigawo, dulani masekondi 30 oyambawo, muwamvetsere anthu awiri kapena atatu omwe sanakhalepo pojambula, mmodzi akhale wamkulu kuposa inu. Musawafunse ngati zikuseketsa, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu. Yang'anani nkhope zawo pomwe akumvera, kenako muwafunse kuti akuganiza kuti mukunena ndani. Akatchula dzina la munthu weniweni, kachidutswako kalembedwenso.